Mizere Yosakumana ya a Dominiko

Zaka za burashi, ku Namitete

Ana anga, za ubwana wanga ku Nambuma munazimva mpaka makutu anatopa, ndiye pano ndingoyambira pa ntchito. Anthu akakufunsani kuti mayi anu ankagwira ntchito yanji, mumangoyankha kuti ankajambula. Si zoona. Ine sindinajambulepo ngakhale nkhuku. Ntchito yanga inali yopaka utoto pa zimene wina wajambula, ndipo ndikufuna muidziwe bwino, popeza mutu wanga nawo wayamba kutaya zinthu m'njira.

Ndinalembedwa ntchito ndili mtsikana, pa kaofesi ka mpingo kufupi ndi Namitete, kamene kankatulutsa timabuku ta nkhani za m'zithunzi. Tinali timabuku ta alimi ndi amayi a kusikelo: munthu akulankhula, mawu ake ali m'kabwalo pamwamba pa mutu, m'kabokosi kotsatira mwana wachira kapena nkhokwe yadzaza. Sisitere wina anandiona ndikupenta maluwa pa nsalu ya paguwa, nanditengera kwa bambo mfumu amene ankayang'anira kaofesiko. Bambowo anandipatsa chithunzi cha mayi wosenza mtsuko kuti ndichipake. Nditamaliza anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anangofunsa ngati ndingayambe Lolemba.

Amene anajambula mayi wa mtsukoyo anali a Dominiko, a kwa Kabudula, munthu wamtali, wouma mawu, pensulo ili kukhutu ngakhale m'tchalitchi. Anali aakulu kwa ine ndithu, ndipo masiku oyamba ndinkawaopa. Ankayamba ndi pensulo, kenako n'kudutsamo ndi inki yakuda, osapuma, osafufuta, mzere kuchoka pa phewa mpaka pa chala ngati wautunga pa ulusi. Anthu awo anali anthu akwathu enieni. Ankadziwa mmene mwamuna amaimira fodya wake akabwezedwa ku okushoni, ndi mmene mayi amagwedezera mwana kumbuyo uku akumvetsera anamwino. Amayi a kusikelo ankaloza zithunzi n'kumatchula mayina a anzawo, ena mpaka kukangana kuti amene wajambulidwayo ndi ndani.

Tinkakhala tebulo limodzi, iwo uko ine kuno. Akamaliza tsamba ankalikankhira kwa ine n'kunena kuti, “Nalo.” Ine ndinkangofunsa ngati m'chithunzimo ndi m'mawa kapena masana, kuti ndidziwe kogwetsera mthunzi. Kucheza kwathu kunali komweko, koma tinkamvana kuposa anthu ambiri okwatirana amene ndawaona. Zosowa zinali zosatha. Penti wofiira ankatha msanga chifukwa dothi lakwathu ndi lofiira, ndipo bambo mfumu akapita kutauni ankabwera ndi wobiriwira yekhayekha, ati ndi amene anapezeka. Maburashi ndinkawadula nsonga mpaka kutsala chitsa. Penti wa m'bokosi wopakira khungu la munthu anali ngati wa kamwana ka nkhumba, choncho khungu lathu ndinkasakaniza ndekha m'zivindikiro za mabotolo. Burashi inali ndi ubwino umodzi umene sindinkauona nthawi imeneyo: imaima pamene dzanja lafuna, kaya mzere ulipo kaya palibe.

M'zaka zimenezo ndinakwatiwa ndi bambo anu, munabadwa iwe Tereza ndi iwe Paulo, kenako bambo anu anatisiya. Pa maliro awo, a Dominiko sanalankhule mawu ambiri otonthoza. Anangokhala pansi pa mtengo ndi kachitini ka penti, n'kulemba dzina pa mtanda.

Chaka chimene kompyuta inabwera, ku Nsaru

Bambo mfumu atabwerera kwawo, ntchito yathu inatengedwa ndi bungwe lina loona za umoyo ndi ulimi, ndipo anatisamutsira ku Nsaru, m'chipinda choyandikana ndi chigayo. Bwana wathu watsopano anali a Kalimbira, munthu wa njinga yamoto ndi jekete lachikopa ngakhale mu Okutobala. Sanali munthu woipa, musawaganizire zoipa. Kungoti ankaopa anthu otithandiza ndalama monga mlimi amaopera matalala, ndipo foni yawo ikalira ankaimirira asanaiyankhe. Ndi iwo anabweretsa kompyuta ndi sikana, n'kulengeza kuti za maburashi zatha, osindikiza ku Lilongwe akufuna ntchito izipita pa fulashi.

Ananditumiza kutauni kukaphunzira. Ndinali wamkulu pa onse m'kalasimo, ndipo mausi inkandithawa m'manja ngati sopo. Ndinalirapo m'chimbudzi cha pamalopo, ndisakubisireni. Koma nditagwira mutu wake, ndinaona kuti ndi ntchito yanga yomwe ija yangovala zovala zina. Tsamba la a Dominiko ndinkaliika pa sikana, n'kutulukira pa sikirini. Pamenepo ntchito imayalidwa m'maleya, ngati mapepala apulasitiki oonekera osanjikizana. Mizere yakuda imakhala pa leya yapamwamba, utoto pansi pake, kuti wina asadetse mnzake. Umayamba ndi utoto wamba wopanda mthunzi, malaya mtundu wake, khungu mtundu wake, thambo mtundu wake. Ukatero umayala leya ina ya mithunzi, ina ya kuwala, pamphumi, pamphuno, pamwamba pa ndowa. Ukalakwitsa umangobweza, osang'amba pepala. Penti wofiira sankathanso. Ndisaname, kompyuta ija ndinaikonda.

Inandipusitsanso kokwanira. Kabuku koyamba kanali kokongola pa sikirini, koma katabwera kuchokera kosindikiza, anthu onse anali otuwa ngati awagudubuza paphulusa, ndipo chimanga chinali chobiriwira ngati cha pulasitiki. Alimi a ku Mpingu anafunsa alangizi ngati anthu a m'kabukumo akudwala. Ndinaphunzira kuti sikirini imawala yokha pamene pepala limamwa utoto, choncho ndinamata zidutswa zosindikizidwa kale pakhoma, n'kumakhulupirira khoma kuposa sikirini. Magetsi nawo anali ndi khalidwe lawo. Chigayo chikangosiya kulira, ndinkadziwa kuti ntchito ya m'mawa wonse yapita ngati sindinaisunge, ndipo mawu amene ndinkalankhula pamenepo ndinkakawasiya kwa ansembe Loweruka.

A Dominiko kompyuta sanaikhudze n'komwe. Ankati iwo ndi pepala anagwirizana kalekale, sangasudzulane chifukwa cha wailesi yakanema yopanda nkhani. Anapitiriza kukankha tsamba n'kunena kuti, “Nalo,” ndipo mbali yanga ya tebulo sankabwerako.

Chida cha pa kompyuta chimene chinkafulumizitsa ntchito yonse chinali kachidebe kothirira utoto. Umasankha mtundu, n'kugunda kamodzi mkati mwa malaya, malaya onse n'kudzaza nthawi yomweyo. Koma kachidebe kalibe nzeru. Kamadzaza mpaka kakumane ndi mzere, ndipo mzerewo ukakhala ndi mpata, ngakhale wochepa ngati diso la singano, utoto umatulukira pomwepo n'kusefukira tsamba lonse. Zaka zoyamba sindinkadandaula nazo, chifukwa mizere ya a Dominiko inkakumana yokha.

Kuyambira pa kabuku ka mbuzi

Tinkakonza kabuku ka kaweto ka mbuzi. Ndinathira utoto wofiirira mwa mbuzi imodzi, ndipo khola, mlimi ndi thambo zonse zinasanduka mbuzi. Ndinaseka ndekha, n'kubweza. Nditakulitsa chithunzi ndinapeza kampata pa khutu, ndinakatseka, n'kupitiriza. Tsamba lotsatira mipata inalipo ingapo. Lotsatiranso, mzere wa msana wa mbuzi unali ndi timafunde timene munthu sangatione ndi maso, koma sikirini imaonetsa zonse mopanda ulemu. Ndinakweza maso kuyang'ana tsidya la tebulo. A Dominiko anali atagwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere, akujambula pang'onopang'ono, milomo italumana. Ndinakumbukira kuti panali patapita nthawi asakumwa tiyi pamaso pathu, ankatuluka ndi kapu yawo kuseri.

Kodi munthu wamkulu ngati ameneyo umamuyamba bwanji? Ndinangotsegula leya ina yangayanga pamwamba pa yawo, n'kumatseka mipata motsanzira dzanja lawo, limene ndinkalidziwa kuposa langa. Kabuku ka mbuzi kanatuluka bwino kwambiri, kanayamikiridwa mpaka kutauni, ndipo a Dominiko anatenga angapo kukagawira anzawo a m'mphakati kwawo. Tsiku limenelo anamwetulira mpaka mano kuoneka, chinthu chimene chinkachitika mwa apo ndi apo ngati kadamsana.

Dzanja lawo silinabwerere mwakale. Chaka ndi chaka leya yanga inkanenepa. Poyamba ndinkangotseka mipata, kenako ndinayamba kuwongola zala, kukonza milomo, pena kufufuta diso lonse n'kuliikanso pamalo pake. Nzeru zonse za chithunzi zinali zawo ndithu, kaimidwe ka munthu, nkhope ya mayi wodandaula, galu wogona pamene sayenera. Koma mzere umene anthu ankauona pa pepala unali wosakanizika, ndipo pofika kumapeto wambiri unali wanga. Ine amene sindingajambule nkhuku pa pepala loyera, ndinasanduka katswiri woyenda m'mapazi a munthu wina. Ndinkachita zimenezi nthawi ya nkhomaliro ndi Loweruka, anthu n'kumati a Naphiri amakonda ntchito. Masamba anayamba kuunjikana pa tebulo langa, ndipo maso anga anayamba kuyabwa ngati mwalowa mchenga.

Mwina mudzafunsa chifukwa chake. Sikunali kuwamvera chisoni kokha ayi. A Dominiko analibe china. Amuna ena akasiya ntchito amakhala alimi, ena a mipingo, ena a mowa. Iwo anali munthu wojambula basi, ndipo ndinkaona kuti tsiku limene adzadziwe kuti dzanja lawathawa, adzatsala chikopa chokha. Komanso ndinkaopa kukhala pa tebulo lija ndi munthu wina.

Chaka chimene Tereza anali Fomu 3

A Kalimbira anandiitana m'kaofesi kawo m'mawa wina, nthawi yokolola mtedza. Anatseka chitseko, chinthu chimene sankachita. Anayamba ndi kuyamikira zaka zanga, ndipo munthu akayamba choncho umadziwa kuti kumapeto kuli mpeni. Anati osindikiza akudandaula, otithandiza atichenjeza kuti tikachedwanso atisiya, ndipo iwo afufuza bwinobwino pamene ntchito ikutsamwa. A Dominiko amamaliza masamba awo pa nthawi yake. Masambawo amakafera pa tebulo langa.

“Mayi, sindikukunyozani,” anatero, maso ali pa makiyi a njinga. “Kompyutayi munaiyamba mutakula. Alipo ana amene anaiyamwira kubere. Kabuku kakubweraka kakachedwanso, ndidzakakamizika kupeza wina.”

Ndikanatha kuwatengera pa kompyuta nthawi yomweyo. Kugunda kamodzi kokha, leya yanga n'kuzima, iwo n'kuona okha. Koma ndinangoti ndamva, bwana. Kuneneza munthu kumbali, munthu amene analemba dzina la mwamuna wanga pa mtanda, sindikanatha. Koma kukhala chete n'kuchotsedwa ntchito, inu awiri muli pasukulu ndipo bambo anu ali kumanda, sindikanathanso. Ndipo ngakhale ndikanadzipereka, wobwera m'malo mwangayo akanathira kachidebe tsiku loyamba lomwelo n'kuitana bwana kuti adzaone. Lamulungu ndinagwada nthawi yaitali Misa itatha, mpaka amayi osesa anayamba kusesa mondizungulira, koma yankho lochokera kumwamba silinabwere. Ndinatuluka nditangotsimikiza chinthu chimodzi, kuti ngati nkhaniyi iti iphulike, woyamba kuimva akhale mwini wake.

Ndinadikira tsiku limene bwana anapita kwa Kabudula ndi njinga yawo. Magetsi analipo, chigayo chikulira. Ndinatsegula tsamba la mayi atanyamula mwana pa sikelo, n'kunena kuti, “A Dominiko, tabwerani kuno muone.”

Anadabwa, koma anazungulira tebulo n'kuima kumbuyo kwanga. Ndinawakokera mpando. Ndinawafotokozera za maleya mwachidule, kuti iyi ndi yanu, iyi ndi yanga. Kenako ndinazimitsa yanga. Nkhope ya mayi uja inaphwasuka, zala zinasanduka mizu, mzere wa chitenje unaduka paliponse. Ndinatenga kachidebe, ndinasankha mtundu wachikasu, n'kugunda pa chitenjecho. Chikasu chinalowa m'manja mwa mayiyo, mwa mwana, m'sikelo, pakhoma, mpaka tsamba lonse linangosanduka chikasu chokhachokha, kutsala timizere takuda tikuyandama.

Anayang'ana osaphethira. Anandiuza kuti ndibweze, ndithirenso. Ndinathiranso, zinachitikanso chimodzimodzi.

“Kuyambira liti, a Naphiri?”

“Kuyambira kabuku ka mbuzi.”

“Ka mbuzi kaja?”

“Eya.”

Kenako anandipempha kuti ndiyatsenso leya yanga, ndipo nkhope ya mwana itabwerera, analoza ndi chala chonjenjemera, osachibisanso.

“Maso awa ndi a ndani?”

“Munawaganiza ndinu,” ndinatero.

“Sindinafunse zimenezo.”

“Ndi anga.”

Ndinawauza zimene bwana ananena, kuti asaganize kuti ndangofuna kuwachititsa manyazi. Anagwedeza mutu, ngati munthu amene akumva za maliro a kutali. Sanakalipe, sanandifunse chifukwa chimene ndinabisira. Ndikanakonda akanakalipa. Anangoti, “Mwavutika nane, zikomo,” n'kuchotsa pensulo kukhutu, kuiika pa tebulo, n'kukakhala pakhonde kudikira njinga ya bwana. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, ine ndili m'kati ndikuyang'ana tsamba limodzi lomwe lija.

Zimene anakambirana ndi bwana sindinazimve. A Kalimbira anabwera kwa ine pambuyo pake nkhope itagwa, n'kupepesa. Anati anawapempha a Dominiko kuti atsale, azingojambula ndi pensulo wina azidutsamo, kapena apite kaye kuchipatala, koma iwo anakana zonse. Anati munthu amene amamutafunira chakudya asamadzitche kuti akudya. Phwando lotsanzikana analikananso. Mwezi usanathe ananyamula katundu wawo pa galimoto ya matola, n'kubwerera kwawo.

Zaka zotsiriza, ndi ulendo wa kwa Kabudula

M'malo mwawo munabwera mayi wachitsikana wojambulira pa kompyuta pomwepo ndi cholembera chake chamagetsi. Anali waulemu ndi waluso, mizere yake inkakumana yonse, ndipo sitinachedwenso ngakhale kamodzi. Otithandiza anasangalala, inu munamaliza sukulu. Ine ndinkathira kachidebe, utoto n'kuima pamalo pake, ndipo ndinkaweruka dzuwa likadali pamwamba. Sindinasangalalepo ndi ntchito kuyambira pamenepo. Ndinagwira mpaka maso anakana, dokotala n'kundiuza kuti sikirini ndiisiye ngati ndikufuna kudzaona zidzukulu.

Ndinapitako kangapo kukawaona a Dominiko. Ankandilandira bwino kwambiri, mkazi wawo a Nangozo n'kugwira nkhuku. Tinkakamba za mvula, za mtengo wa feteleza, za amene amwalira. Ndikangoyandikira nkhani ya ntchito, iwo ankaitana mwana kuti abweretse madzi, kapena kufunsa za msewu. Ulemu wawo unali wokwanira, wonga umene umapatsa mlendo wochokera kuboma. Anali ataonda, dzanja lili m'thumba la jekete, ndipo a Nangozo anandinong'oneza kuti ngakhale pa dothi ndi kamtengo sajambulanso, zidzukulu zikawapempha amati sadziwa.

Musandifunse ngati ndinachita bwino. Ndaitembenuza nkhaniyi mbali zonse, ndipo nditabwerera ndingatsekenso mipata ija, ndingawaitanenso kuti adzaone. Njira ina sindinaipeze mpaka lero. Koma kusapeza njira ina sikuchotsa chisoni, ndipo ine chisoni chimenechi ndakalamba nacho. Ndinapulumutsa ntchito yanga n'kutaya mnzanga, amene mwina sankadziwa n'komwe kuti ndinkamuwerengera ngati mchimwene wanga.

Uthenga wa maliro awo unandipeza nditapuma kale ntchito. Ndinapita ndi minibasi mpaka pamene imathera, kotsalako pa kabaza. Mwambo unali wa anthu ambiri, akwaya anaimba bwino, ndipo wowerenga mbiri anati malemuwa anali mmisiri wa zithunzi amene timabuku take tinafika m'midzi yonse. Anthu anavomereza ndi mitu. Titabwera kumanda, ndikutsanzika, a Nangozo anandigwira dzanja n'kundilowetsa kuchipinda. Pa bedi panali milu iwiri ya timabuku tathu, wina womangidwa bwino ndi nsalu, wina uli m'katoni ya sopo.

“Anasankha okha asanagonere,” anatero. “Awa a m'nsaluwa anati tisungire zidzukulu, zidzadziwe ntchito ya agogo awo. A m'katoniwa anati mukadzabwera ndikupatseni. Akuti ndi anu, si awo.”

Ndinafuna kukana, ndinafuna kunena kuti dzina lili pachikutopo ndi lawo, kuti munthu aliyense m'menemo anabadwa m'mutu mwawo. Koma wouzidwayo anali atakwiriridwa kale, ndipo a Nangozo ankangopereka uthenga umene sankaumvetsa. Ndinatsegula katoni ija. Munali kabuku kalikonse kamene ndinagwirapo mzere, osasowapo ngakhale kamodzi, ndipo munalibe kena kalikonse ka zaka zimene dzanja lawo linali lawo.

Ndinainyamula pamutu mpaka kumsewu. Kondakitala atafuna kuiponya kumbuyo pamodzi ndi matumba a mtedza ndinakana, ndinaifungatira pamiyendo njira yonse.